Dzina Limene Ndinabisa Pansi pa Nyenyezi za Kompyuta

Mpaka lero ndikamadutsa pafupi ndi mkuzamawu wa kutchalitchi kwathu ndimayang'ana kumbali. Sunandilakwire kanthu, unangogwira ntchito yake. Koma pali zinthu zina zimene ukazikumbukira manyazi amakugwira ngakhale papita zaka, ndipo ine nkhani iyi ndimaikumbukira Lamulungu lililonse pamene wina akugogoda cholankhulira kuti aone ngati chikumveka.

Ndiyambe ndi kunena kuti ine ndine mkamwini. Ndinakwatira m'mudzi wina wa m'mphepete mwa nkhalango ya Chongoni, ndipo monga mwa mwambo wathu ndinasiya kwathu n'kukamanga kwa mkazi. Nyumba ndinamanga ndine, koma malo ndi a eni. Munda wa kachewere ndimalima ndine, koma ndi wa mbumba ya mkazi wanga. Ana anga aakazi awiri ndinabereka ndine, koma pa nkhani zazikulu mawu omaliza ndi a malume awo. Mkazi wanga aNaphiri atamwalira ndinatsala pamudzipo ngati mbuzi yomangirira pakhomo la eni: sindinathamangitsidwe, komanso sindinamasulidwe. Kwathu kuno mwamuna wofedwa sayang'ana mkazi wina mpaka akuchikazi atamusudzula, ndiko kuti kukhala naye pansi n'kumuuza kuti maliro atha, tsopano ndi mfulu. Akakusudzula mwamtendere amatha kukusiya pamudzi kuti uzilera ana ako. Akakusudzula atakwiya umanyamula bulangete ndi khasu, ana n'kutsala.

Mwini mawu amenewo anali alamu anga aPhiri, mlongo wawo wa malemuwo, mwinimbumba, mphunzitsi wa masamu kusekondale yapafupi. Munthu wamtali, wosaseka msanga, amene ankakonda mlongo wake kotero kuti tsiku la maliro tinachita kumugwira. Tsoka langa linali lakuti m'dera lonse lathu munthu wodziwa kompyuta anali yemweyo.

Ine ndinkagwira ntchito ya ulembi muofesi ya parishi. Inali nthawi ya matipate, anthu atayamba kulankhula chilichonse m'minibasi ndi pamsika, koma ine ndinakulira m'nthawi ya chipani chimodzi, pamene munthu ankaphunzira kutseka pakamwa ngakhale m'nyumba mwake. Ndinkakhulupirira kuti chimene chili mumtima chili pabwino.

Abwenzi a parishi a kunja anatitumizira kompyuta, ndipo Abambo Mfumu, wansembe wamkulu wa parishi, anailumikiza ku waya wa telefoni. Ikamalowa pa intaneti inkalira ngati nkhumba yogwidwa mwendo, mpaka amayi osesa panja ankachita chizindikiro cha mtanda. Abambo anatsekula bokosi la parishi la makalata a pa intaneti, nati woliyang'anira ndikhala ine, choncho ndisankhe mawu achinsinsi otsekulira. Anandichenjeza kuti ndisalembe Yesu, Maria kapena Yosefe, chifukwa kwa munthu ngati ine aliyense angayambire pomwepo. Anati ndisalembenso dzina la malemu, chifukwa parishi yonse ingaliganize.

"Lembani chimene simungaiwale, koma choti wina sangachiganize," anatero, n'kutembenukira kukhoma ngati ali m'kanyumba kolapira.

Ndinayang'ana pawindo kufuna nzeru. Panja amayi ankasesa, ndipo pakati pawo panali aNambewe, mayi wamasiye, mtsogoleri wa gulu la amayi. Munthu ameneyu ndinali ndisanalankhule naye mawu opitirira moni. Tsiku lina lokha, pamaliro ena, anandipatsa kapu ya tiyi n'kundiuza kuti kolala yanga yapindika. Basi. (Ndikudziwa kuti ena mukuseka. Munthu akakhala yekha nthawi yaitali, kolala imakhala nkhani yaikulu.) Chala changa chinayenda chokha pa mabatani. Pagalasi la kompyuta sipanaoneke dzina, panangooneka tinyenyezi tandandalika. Kenaka pulogalamu yolowera pa intaneti ija inafunsa m'Chingerezi ngati isunge mawuwo kuti ndisamavutike kuwalemba tsiku lililonse. Abambo anati ndivomere. Ndinavomera.

Kuyambira pamenepo m'mawa uliwonse tinyenyezi tija tinkadzilemba tokha, bokosi n'kutsekuka. Ndinkatiyang'ana ndi mtima wofunda, ndikuganiza kuti ndapeza malo osungira chinsinsi oposa mtima weniweniwo.

Tsiku lina alamu anabwera kudzakonza makina osindikizira makalata. Ataona nyenyezizo anaima kumbuyo kwanga nthawi yaitali, kenaka anandigwira paphewa.

"Alamu, ine ndikudziwa chimene chili pansi pa nyenyezizi," anatero. "Mlongo wanga anakwatiwa ndi munthu."

Ndinawasiya aganize choncho, zimene kwa ine si zachilendo. Iwo anakaifalitsa nkhaniyo kumbumba yonse, kuti mkamwini wathu salowa ntchito asanatchule dzina la mkazi wake. Amayi aakulu a malemu, nkhalamba yosapatsa munthu ngakhale tsabola, ananditumizira nkhuku. Ndinadya. Ndikanakonda kunena kuti inandikakamira pakhosi, koma inali yonona ndithu.

Mavuto anayamba m'nyengo yozizira ya chaka chomaliza tisanalowe mu 2000. Kunamveka kuti makompyuta akale adzasokonezeka chaka chikamadzasintha, ndipo abwenzi aja anatumiza ina yatsopano. Yakaleyo inayenera kufufutidwa zonse za m'kati n'kupita kusekondale. Alamu anabwera kuofesi kudzafotokoza mmene kusamukako kudzayendere. Anati mawu onse achinsinsi amene pulogalamu ija inasunga, a Abambo ndi anga, adzawatulutsa n'kuwaika pa diski, kenaka n'kuwalowetsa m'kompyuta yatsopano.

Ndinafunsa, ngati munthu wongofuna kuphunzira, ngati nyenyezi zimasamuka zili nyenyezi.

Anapukusa mutu. Anati nyenyezi ndi nsalu yophimba chabe. Mawu akatuluka kupita pa diski amatuluka ali maliseche, aliyense wotsekula angawawerenge monga amawerengera nyuzipepala. Anati n'chifukwa chake diski yotere imasungidwa ngati makiyi a nyumba.

Kunja kunali nkhungu yoti phiri silinkaoneka. M'maganizo mwanga ndinaona alamu atakhala pampando, magalasi ali pamphuno, akuyembekeza kuwerenga dzina la mlongo wawo, n'kupeza la mkazi wa mudzi wina.

Tsiku limenelo ndinafika kunyumba ndikuona zinthu ngati mlendo. Ana anga ankatsuka mbale kuseri akukangana za sopo. Ndinayang'ana mtengo wa mapichesi umene ndinabzala chaka chimene woyamba anabadwa, ndipo ndinadzifunsa ngati munthu angazule mtengo n'kuunyamula panjinga. Kwathu, kumapiri a ku Mphunzi, nyumba ya amayi inagwa kalekale ndipo munda wanga anagawana adzukulu. Ndikanafika kumeneko ndi bulangete, wopanda ana, ndi mbiri yakuti ndinadya nkhuku ya maliro ndikuganiza za mkazi wina.

Nzeru yoyamba inali yabwino ndithu: kusintha mawuwo alamu asanafike ndi diski yawo. Ndinalawirira kuofesi. Koma kuti usinthe umayenera kulowa pa intaneti, ndipo nkhumba ija inakana kulira. Mphepo inali itagwetsa bulugamu pa waya wa telefoni kutsidya kwa dambo. Ndinapita kukaona ndi maso anga. Ndinaima pansi pa mtengo wa waya ndikuyang'ana nsonga ziwiri zikulendewera, ndipo ndinaganiza zozimanga ndi luzi. Mayi wina wonyamula nkhuni anandifunsa ngati ndataya kanthu. Ndinati ndikungoona. Ndinapemphera kolona yonse kuti okonza mawaya abwere msanga kuchokera kuboma.

Sanabwere.

Nzeru yachiwiri ndinaiyesa yochenjera kwambiri. Ndinaganiza kuti ndikauza Abambo Mfumu muofesi, mwina angaseke kapena kuuza wina mosadziwa. Koma ndikawauza m'kanyumba kolapira, pakamwa pawo padzakhala potseka mpaka imfa, ndipo adzapeza njira yochotsera alamu pa ntchitoyi. Ndinafola pamzere ndi akhristu ena, ndinagwada, ndinafotokoza zonse, ndi dzina lomwe.

Kuseri kwa kansalu ndinamva Abambo akutsokomola chitsokomolo chachilendo, chokhala ngati chikufuna kusanduka china. Anati mwamuna wofedwa kuganiza za mayi wamasiye si tchimo, ndipo ngati pali tchimo ndi la nkhuku. Ndinawapempha kuti andithandize pa za diski.

"Diski iti?" anatero. "Zimene ndamva muno sindingazigwiritse ntchito kunja. Ndikatuluka pakhomo ili sindikudziwa kanthu. Mukanandiuza muofesi, ndikanaona chochita."

Ndinafunsa ngati ndingakawauzenso muofesi. Anati ndingathe, koma ndifulumire, chifukwa akangomaliza kulapitsa akunyamuka kukayendera matchalitchi a kumidzi ndipo abwera Loweruka madzulo. Pamene ndinkamaliza mapemphero amene anandipatsa, njinga yawo yamoto inali ikumveka kutali. (Mnzanga wina anandifunsa chifukwa chimene sindinasiyire mapempherowo pakati n'kuwathamangira. Sindinaganizeko. Mapemphero a chilango sasiyidwa pakati.)

Lachisanu alamu anafika ndi diski m'thumba la jekete. Ndinakhala pakona manja ali pakati pa mawondo, ndikuyang'ana chitseko. Anadina apa ndi apo, kompyuta inalira pang'ono, ndipo ine ndinatseka maso kudikira kuti anditchule dzina. M'malo mwake ndinamva akuyang'ana wotchi n'kudandaula kuti achedwa kukayang'anira mayeso. Anatulutsa diskiyo osaitsekula, naiika m'manja mwanga. Anati ndiisunge ine mpaka Lamulungu, tsiku lodalitsa kompyuta yatsopano, chifukwa mwa anthu onse wokhulupirika ndine. Anawonjeza kuti ndisaiike pachinyezi, ndisaiike pafupi ndi mbaula, ndipo koposa zonse ndisaiyandikize ku maginito, chifukwa maginito amafufuta zonse.

Mawu omalizawo analowa m'khutu mwanga n'kukhazikika.

Ndiyenera kudziteteza pang'ono. Ine sindingaononge katundu wa parishi. Sindikanaiphwanya diskiyo, sindikanaiponya m'chimbudzi. Koma Loweruka, pokonza m'tchalitchi, ndinakumbukira kuti mkuzamawu wathu ndi wotseguka kumbuyo, ndipo m'katimo muli chitsulo chakuda chozungulira chimene misomali imakakamirako. Ndinaganiza kuti kuseri kwa mkuzamawu ndi malo abwino osungira chinthu, ouma, opanda mbaula, ndipo palibe wakuba angayang'aneko. Zoti pali maginito ndinaganiza zozisiya m'manja mwa Mulungu. Ndinangoyandikiza, diskiyo inadumpha yokha n'kukakamira. Ndinanena kuti, Ambuye, mwaona nokha kuti sindinaikankhe. Kwaya itabwera kudzayeserera nyimbo, ndinapempha woimba limba kuti akweze mawu pang'ono kuti akumbuyo azimva.

Tsiku lomwelo zinthu ziwiri zinachitika. Alamu anabwera ndi kiyi wa ofesi, anafufuta kompyuta yakale n'kuimangirira panjinga kupita nayo kusukulu. Ndipo madzulo, yakale itapita, yatsopano ili m'katoni yotsekeredwa m'nyumba ya ansembe, galimoto ya okonza mawaya inafika. Pemphero langa linayankhidwa. Sindikudandaula, ndikungonena nthawi imene linayankhidwira.

Komabe mtima unali pansi. Ndinaganiza kuti diski ikakana, alamu adzandiuza kuti ndilembe ndekha mawu anga, nyenyezi zidzaphimba, nkhani n'kutha.

Chimene sindinachiganizire n'chakuti kwathu chinthu chatsopano sichiyamba ntchito chisanadalitsidwe, ndipo mdalitso suchitika mobisa. Misa itatha Abambo analengeza kuti onse apite kuofesi. M'katimo munalowa akuluakulu a parishi ndi atsogoleri a magulu, ena onse anadzaza pabwalo. Kuti akunjawo amve mapemphero, achinyamata a kwaya ananyamula mkuzamawu uja n'kuuimika pakhonde, waya wa cholankhulira n'kuulowetsa pawindo. Diski ndinali nditaichotsa m'mawa, inali m'thumba la malaya, pamtima penipeni. Wonyamula ndowa ya madzi odalitsidwa, ataima pafupi ndi Abambo, anali aNambewe.

Abambo anapemphera, anawaza madzi mosamala kuti asagwere pa mabatani, kenaka anaika cholankhulira patebulo n'kuuza alamu kuti aonetse anthu mmene kalata yochokera kutsidya kwa nyanja imafikira. Alamu anatambasula dzanja, ndinawapatsa diski. Anailowetsa. Kompyuta inakukuta mano, inaima, inakukutanso. Anaitulutsa, anaiuzira mpweya, anaibwezera. Anati n'zodabwitsa, diskiyo ili ngati sinalembedwepo kanthu. Anandiyang'ana. Ine ndinayang'ana chithunzi cha pakhoma.

Abambo anati alamu asavutike, iwo mawu awo akuwakumbukira, ndipo ine ndingolemba anga. Apa ndiye pamene ndinkayembekeza. Ndinakhala pampando. Koma alamu sanasunthe. Anaima pamwamba panga, maso ali pa zala zanga, ndipo kumbuyo kwawo kunali mitu ya akuluakulu onse ikusuzumira. Ine ndimalemba ndi chala chimodzi, pang'onopang'ono, moti mwana wa sitandade wani angawerenge. Ndinavula chipewa changa cha ubweya n'kuphimba dzanja, ndikulemba mwa kungopapasa.

Kompyuta inakana.

Ndinayesanso, dzanja likuyendayenda m'chipewamo ngati mbewa m'thumba. Inakananso. Wapampando wa parishi anafunsa ngati chipewacho ndi mbali ya kachitidwe kake. Alamu anati ndisiye, tikapitiriza kulakwitsa bokosi litsekeka. Anandidzutsa mwaulemu, anakhala pampando, natembenukira kwa anthu. Anati chinsinsi ichi iwo akuchidziwa kale, ndipo si chamanyazi, ndi chonyaditsa mbumba yawo. Analemba dzina la mlongo wawo pang'onopang'ono, ngati akuika maluwa pamanda.

Inakana.

Anati mwina ndinalemba dzina la ubatizo. Analemba limenelo. Inakana. M'chipindamo munangomveka madzi akugwedezeka m'ndowa. Ndinayang'ana Abambo Mfumu kuti andipulumutse. Iwo anali atapeza chinthu chochititsa chidwi kudenga.

"Alamu," anatero aPhiri motsitsa mawu, "anthu akudikira. Ndiuzeni m'khutu."

Ndinaganiza zokomoka, koma sindidziwa kachitidwe kake. Ndinaganiza zonama kuti ndaiwala, koma ndinali nditangolandira ukaristiya. Ndinawerama, ndinaika pakamwa pa khutu la mwinimbumba, ndipo ndinanong'ona motsitsa kwambiri moti ndinkayembekeza kuti samva.

Anamva. Anadzidzimuka, mutu unatsika kufupi ndi tebulo, pamene panali cholankhulira chija chimene palibe anakumbukira kuzimitsa.

"Nambewe?"

Ndinalimva dzinalo kawiri: kamodzi m'chipindamo, kachiwiri panja, likutuluka mu mkuzamawu, likudutsa pabwalo, likukagunda khoma la tchalitchi n'kubwerera. Mkuzamawu womwe uja. Panja mayi wina anayamba nthungululu, wina anamutseka pakamwa isanafike pakati.

ANambewe poyamba anayankha kuti "Wawa," poganiza kuti aitanidwa. Ataona nkhope za anthu, anayang'ana ine, anayang'ana kompyuta. Anaika ndowa pansi bwinobwino osataya ngakhale dontho, anakonza chitenje, natuluka. Anthu anawapatukira njira.

Alamu analemba dzinalo. Bokosi linatsekuka. Munali kalata yochokera kwa abwenzi aja yofunsa ngati kompyuta yafika bwino. Anthu anaomba m'manja chifukwa chosowa chochita china.

Pobwerera kumudzi tinayenda awiri, iwo akukankha njinga patsogolo, ine pambuyo, m'kanjira ka m'mphepete mwa nkhalango. Tinaoloka mtsinje. Ine m'mutu ndinali nditamanga kale katundu, ndikungoganiza mmene ndikauzire ana, ndi amene azidzawalipirira yunifolomu, ndi ngati adzandilole kumabwera pa Khirisimasi. Kenaka anaima osatembenuka.

"Nkhuku ija munadya."

"Ndinadya, alamu."

"Yonse."

"Ana anandithandiza."

Anayendanso pang'ono, naimika njinga pamwala. Anandiuza chinthu chimene sindinkachidziwa. Anati chaka chapitacho akuluakulu a mbumba anakhala pansi n'kugwirizana zondisudzula mwamtendere, chifukwa ndinali nditalira mokwanira ndipo ankaona kuti malaya anga akusowa wowasamala. Amene anakana anali iwo. Anawauza kuti munthuyu musamuvutitse, m'mawa uliwonse amayamba ntchito ndi dzina la mlongo wanga, mukamusudzula mumupweteka mtima.

"Mwandisandutsa wabodza pamaso pa amayi anga aakulu," anatero. "Mukanangotsekula pakamwa. Si inu nokha m'dziko muno amene simunamve kuti masiku ano anthu akulankhula?"

Ndinapepesa. Anafunsa chimene chinachitikira diski. Ndinaganiza kuti pamene ndafika palibenso chobisa, ndinafotokoza za kuseri kwa mkuzamawu, ndi kuti inadumpha yokha.

"Alamu, diski ija sindikanaitsekula. Polowetsa mawu m'kompyuta yatsopano munthu sawerenga. Imawerenga yokha, n'kuwaphimbanso ndi nyenyezi. Mukanangoisiya m'thumba, bwenzi pano ndikukutamandanibe."

Atatero anakhala pamwala paja n'kuyamba kuseka. Ndinali ndisanawamve akuseka chichokereni mlongo wawo. Anaseka mpaka kutsokomola, anapukuta magalasi, kenaka nkhope inabwerera mwakale n'kunena kuti nkhaniyi si ya iwo okha, ikakambidwa pabwalo la mbumba.

Inakambidwa. Ndinakhala pamphasa mutu uli pansi, ndikumva mbiri yanga ikufotokozedwa ndi anthu osiyanasiyana, ena oti kuofesi kunalibe. Panali amene ankati ndichoke. Amayi aakulu aja analankhula motalika za amuna a masiku ano amene akubisa akazi m'makina. Alamu anadikira onse atatha, nati munthuyu walera ana bwino, manda a mkazi wake salola udzu, ndipo mlandu wake ndi wa dzina lolembedwa ndi chala chimodzi, loti mwini wake sanauzidwe n'komwe. Anandisudzula tsiku lomwelo, nandilola kukhala pamudzi ndi ana anga. Chilango chinali chimodzi: nkhuku ibwezedwe, yonona ngati yoyamba ija. Nkhalambayo inakana ziwiri isanalandire yachitatu.

Patapita miyezi ndinalimba mtima n'kutuma munthu kwa aNambewe, monga mwa mwambo. Anabwera ndi yankho lalifupi. Anati mayiwo akuti pamsika sakugulanso tomato mwamtendere, aliyense akuwatchula mayi a kompyuta. Ndipo akuti munthu amene anauza makina, nauza ansembe, nauza alamu ake, nauza parishi yonse ndi mkuzamawu, iwo n'kukhala omaliza kumva, ayambe wadikira nayenso.

Ndinaona kuti ndi chilungamo. Ndikudikirabe. Timapatsana moni pakhomo la tchalitchi, ndipo nthawi zina amandiuza kuti kolala yanga yapindika. (Pali amene amati ndimaipinda dala. Sindiyankha nkhani zotere.)

Mawu a bokosi la parishi anasintha Abambo okha mawa lake, chifukwa anali atadziwika mpaka kumsewu waukulu. Ine ndinalumbira kuti sindidzaikanso za mumtima m'makina. Koma posachedwapa mwana wanga wamkulu, amene tsopano ali pabanja pake, anandigulira foni ya masiku ano, ndipo nayonso inafuna mawu achinsinsi. Anati ndilembe chimene sindingaiwale, natembenukira kuwindo. Ndinalemba ndi chala chimodzi, nyenyezi zinandandalika. Anailandira foniyo osayang'ana n'komwe pagalasi, anangondiyang'ana ine.

"Ababa, koma inu," anatero.

Foni inafunsa ngati isunge. Ndinavomera.